Duwa la pakhonde lomwe ndi mbale wake wa koko

Alimi anzanga, sabata ino tichoke kaye kumunda tikhale pakhonde. Pali duwa lina la masamba akuluakulu obiriwira, a mawanga oyera kapena achikasu pakati, lomwe mumaliona m'zitini pa makonde, m'maofesi ndi m'nyumba zogona alendo. Dzina lake ndi dieffenbachia. Ine ndimalibzala n'kumagulitsako mbande zake, ndipo dandaulo la ogula limakhala limodzimodzi: "Bwanji masamba akuchita chikasu chonsecho ndikuthirira tsiku ndi tsiku?" Vuto ndi kuthirira komweko.

Duwali kwawo ndi ku nkhalango zotentha za ku Central ndi South America, ndipo dzinalo n'lokumbukira Joseph Dieffenbach, yemwe ankayang'anira minda ya maluwa ya mfumu ku Vienna. Lili m'banja limodzi ndi koko wathu wa kudimba, ndipo ubale umenewu ndiwo umasokoneza anthu. Koko amakondwa m'dambo, koma dieffenbachia madzi akangokhazikika m'chitini, mizu imasowa mpweya n'kuyamba kuwola.

Choncho chitini chibooleni pansi ndi msomali malo angapo. Dothi likhale losakaniza: la pansi pa mitengo, manyowa owolerana bwino ndi mchenga wa kumtsinje. Musanathirire pisani chala m'dothimo masentimita atatu. Chikatuluka ndi chinyezi, khani yothirira ibwerere. M'miyezi yozizira ya June ndi July duwali silikula kwenikweni, ndiye kuthirira kamodzi pa sabata nthawi zina kumachulukanso.

Tsamba limodzi la m'munsi likachita chikasu n'kugwa musadandaule, ndi ukalamba chabe. Koma akachita chikasu ambiri nthawi imodzi, tsinde n'kumafewa m'munsi, zulani muone mizu. Yabwino imakhala yoyera ndi yolimba, yowola imada ndi kununkha. Dulani yowolayo mubzalenso m'dothi latsopano. Tsinde likakhala kuti lawola kale, musataye nthawi: dulani nsonga yabwinoyo muiike m'botolo la madzi, idzatulutsa mizu ina.

Dzuwa la masana limawaula masamba, koma mdima wa m'chipinda nawo umafufutitsa mawanga aja. Pakhonde powala koma pamthunzi ndi pabwino. Anzathu a ku Dedza, Mzuzu ndi ku Thyolo mukumbuke kuti kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 15 masamba amalefuka, ndiye chiperoni chikayamba lowetsani zitini m'nyumba. Tizilombo take ndi todziwika kale: toyera ngati thonje tofanana ndi kodikodi wa chinangwa, ndi akangaude ofiira aja a pa tomato amene amachuluka mu October. Kupukuta masamba kunsi ndi kansalu koviika m'madzi a sopo kumakwanira. Sindiona chifukwa chopoperera mankhwala a thonje pa duwa lomwe lili pakhomo pomwe ana amadyera.

Duwali likakula limatalika n'kutsala ndi masamba kunsonga kokha, tsinde lili mbulanda, la mfundo ngati nzimbe. Apa ndi pomwe pali phindu. Kunja kukayamba kutentha mu September, dulani tsindelo m'zidutswa za mfundo ziwiriziwiri, muzigoneke pa mchenga wachinyezi monga timachitira ndi nzimbe. Pakapita masabata angapo zimaphuka, ndipo chitsa chotsala chija nachonso chimaphukira. Duwa limodzi lotopa limakupatsani mbande zingapo zopita nazo kumsika.

Komatu kufanana ndi nzimbe kumeneku n'koopsa. Nonse mukudziwa mmene koko wosapsa amayabwira kukhosi. Chimayabwacho ndi timiyala tosongoka ngati singano, tosaoneka ndi maso, totchedwa calcium oxalate, ndipo dieffenbachia ali nato m'tsinde ndi m'masamba momwe. Koko timamugonjetsa pomuphika, koma duwali si ndiwo, musaliyese n'komwe. Mwana akalitafuna m'kamwa mumawotcha, dovu limachuluka, lilime ndi milomo zimatupa mwina mpaka kulephera kulankhula. N'chifukwa chake Angerezi amalitcha dumb cane, kunena nzimbe yotseka pakamwa.

Zikachitika, chotsani zotsalira m'kamwa, mumutsukuluze ndi madzi, kenaka mumupatse madzi ozizira kapena mkaka pang'onopang'ono. Musamusanzitse. Lilime likamatupa kapena akamabanika, thamangirani kuchipatala, mutatenga tsamba lake kuti adokotala akaone. Utomoni ukalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15.

Ine podula ndimavala jumbo m'manja, ndipo mpeni wake ndi wapadera, sulowa kukhitchini. Wogula aliyense ndimamufunsa ngati kwawo kuli mwana wokwawa, ndipo ngati alipo ndimamuuza kuti chitini akachiike pamwamba. Zidutswa zotsala musataye kudzala komwe ana amatola zoseweretsa masanje, komwenso mbuzi ndi agalu amafunafuna chakudya. Kumbani dzenje muzikwirire.