Odi wa pa geti

Munthu amene anakulira m'nyumba za Malawi Housing Corporation ku Nkolokosa, masiku amene khomo ndi khomo zinkalekana ndi kampanda ka maluwa kofika m'chiuno, akukumbukira kuti mlendo sankaponda pabwalo asanaime chapatali ndi kunena kuti "Odi", ndipo mwini khomo, angakhale mthiko uli m'manja, ankavomera, n'kutulutsa mpando kapena kuyala mphasa, pakuti malonje sachitika choimirira. Mlendoyo ankayamba walandira moni kwa onse a pakhomopo mmodzimmodzi, kusimba za kumene wachokera, za mvula ndi za odwala, ndipo pokhapo ankatula chimene chamuyendetsa, chingakhale chinali ngongole.

Lero makomo ambiri azingidwa ndi mipanda ya njerwa, ina yokhala ndi mabotolo osweka pamwamba, kotero kuti odi sathanso kuwoloka. Mlendo agogoda geti ndi kamwala, ndipo akaona kuti akumuyankha ndi agalu okha, atulutsa foni: "Ndili pa geti."

Sindifuna kuweruza ana a lero mopyola, pakuti mzinda uno wa Blantyre, umene unayamba ndi amishonale a ku Scotland mu 1876 ndi kuphatikana ndi Limbe mu 1956, pa kalembera wa 2018 unapezeka ndi anthu oposa 800,000. Ndipo ndani angapatse moni khamu lotere n'kukafikabe ku ntchito dzuwa lisanakwere? Komanso chifikire mafoni a m'manja m'zaka za m'ma 1990, mawu anasanduka malonda ogula ndi mayunitsi, mwakuti wofunsa za agogo, za ana ndi za kumunda amamva m'thumba mukupepuka. Motero "Mwaswera bwanji, achimwene, kaya kunyumba?" anafota mpaka kutsala "Bho?", mnzake n'kuti "Shapu."

Chondidabwitsa ine n'cha m'minibasi. Tikhala mothithikana, bondo kukhudza bondo, osalonjerana, koma yense akulankhula mokweza ndi munthu amene palibe. Ndipo tsiku lina bambo wa jekete amene ndinakhala naye pampando anauza womudikira, mosaphethira n'komwe, kuti "Ndafika pa Ginnery Corner", galimoto ili chiimire pa Kamba kudikira kudzaza. Tonse tinamva, koma panalibe anatsokomola, poti ndani mwa ife sananamepo chotero?

Koma tsiku limene masamba aikidwa pamsewu kusonyeza kuti pagwa zovuta, Nkolokosa wakale amadzuka. Geti ija imatsegulidwa mbali zonse ziwiri, wa njinga amatsika n'kuikankha, woyendetsa minibasi amachepetsa wailesi, ndipo anthu amene akhala moyandikana zaka zisanu osadziwana maina amagona pabwalo limodzi, abambo pamoto panja, amayi m'nyumba ndi nyimbo, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chipepeso ena amatumiza pa Mpamba kapena Airtel Money, n'zoona. Koma nkhuni, madzi ndi miphika ikuluikulu ya nsima zimafika pamutu, polowera pa geti pomwe paja.