Mliri utatseka zitseko za mabwana

Ndakhala ndikuganizira njira ya IPS, imene Deborah Becker ndi Robert Drake anayambitsa ku New Hampshire. Munthu wodwala matenda a maganizo amamupezera ntchito yeniyeni msanga, mlangizi n'kumamuthandiza ali pantchitopo. Mphamvu ya njirayi yagona pa mapazi a mlangiziyo, amene amayenda khomo ndi khomo kucheza ndi mabwana.

Ndiye taonani za ku Britain, kumene pa 23 Marichi 2020 anthu anauzidwa kubindikira m'nyumba chifukwa cha Covid-19. Malesitilanti anatsekedwa, kulemba anthu ntchito kunazilala. Boma linkalipira 80 peresenti ya malipiro a amene anali kale pantchito n'kuimitsidwa kaye, koma wofunafuna ntchito sanalawe nawo. Alangizi a IPS anatsala ndi foni basi, ndipo ine ndimakayika ngati bwana wosakudziwa amanyengerereka pafoni.