Madzi akayamba kukwera kwanu, uzani a kumunsi

Ngati mumakhala ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Macanga, mvula imene imagwa pa denga lanu ili ndi ulendo wautali. Imalowa m'timakhwawa, timakhwawato timathira m'mitsinje, ndipo yambiri mwa mitsinjeyo imakathera mu Revúboè, amene amakakumana ndi Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Kumayambiriro kwa Malichi 2019 madzi a Revúboè anasefukira m'madera a Chingodzi ndi Matundo, anthu ena n'kupulumukira pa madenga ndi m'mitengo, ndipo mlatho wolumikiza Tete ndi Moatize unawonongeka. Madzi ambiri mwa amenewo anali atayenda mtunda wautali kuchokera kumtunda. Kunali anthu amene anawaona akudutsa kwawo nthawi idakalipo.

Lero ambiri mwa anthu amenewo ali ndi foni m'thumba, kapena alipo wina pakhomo amene ali nayo. Funso lili kwa inu ndi lakuti: mukaona mtsinje wakwiya, matalala akuswa chimanga, kapena mphepo ikusasula denga la sukulu, mumauza ndani, ndipo mumanena motani?

Chifukwa chake maso anu ndi ofunika

Ntchito yolosera za nyengo m'dziko muno ili m'manja mwa INAM, bungwe la boma loona zanyengo. Ntchito yokonzekera ngozi ndi kupulumutsa anthu ili m'manja mwa INGD, imene kale tinkaidziwa kuti INGC. Za kuchuluka kwa madzi m'mitsinje zimatuluka ku DNGRH ndi mabungwe a ARA. Namondwe akabadwa m'nyanja ya India, likulu la zanyengo la pa chilumba cha Réunion limamutsatira usana ndi usiku, ndipo INAM imagwiritsa ntchito zimenezo polemba machenjezo a dziko lino.

Akatswiriwa ali ndi zithunzi za setilaiti ndi makompyuta, koma malo oyezera mvula ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa Mozambique. Setilaiti imaona mtambo kuchokera kumwamba. Siingadziwe kuti kamlatho ka pakati pa mudzi wanu ndi chipatala kamira, kapena kuti mvula imene analosera boma lonse yagwa mwamphamvu m'phiri limodzi lokha. Mvula ya mabingu imatero: munda uwu wanyowa, wa mnzanu kuseri kwa chulu fumbi likuuluka. Zimenezi amazidziwa ndi munthu amene waima pamalopo.

Anzathu a kutsidya kwa malire anayamba kale kugwiritsa ntchito mwayi umenewu. Mu 2016 nthambi yoona zanyengo ku Malawi inatsegula gulu la pa WhatsApp lotchedwa Weather Chasers. Akatswiri amaikamo ulosi ndi machenjezo, ndipo anthu a m'maboma osiyanasiyana amayankha ndi zimene zikuchitika kwawo. Phindu lake limayenda mbali ziwiri: chenjezo limafika msanga kwa anthu, ndipo wolosera amadziwa ngati zimene ananena zachitikadi. Kwa inu a ku Zóbuè, ku Calómuè kapena ku Milange, nkhani ya nyengo ya ku Malawi ndi yanunso, poti mtambo sufunsa chiphaso pa malire.

Uthenga umene ungathandize

Tsegulani gulu lililonse la pa WhatsApp tsiku la mvula yaikulu, mupeza mauthenga onga akuti "kuno zavuta" kapena "Mulungu atithandize", kenako vidiyo ya madzi a matope. Mtima wa wolembayo ukumveka, koma wolandira sangachite nawo kanthu. Kuno kwake kuti? Zavuta liti?

Yambani ndi malo. Tchulani mudzi kapena bairro, dera lake ndi boma, kenako chizindikiro chimene mlendo angachipeze, monga sukulu, tchalitchi, chigayo kapena mlatho. Mayina a midzi amafanana m'maboma ambiri, ndipo wopulumutsa anthu amene wachokera ku Tete kapena ku Beira sadziwa kuti "kwa agogo" ndi kuti. Ngati foni yanu imalola, WhatsApp ili ndi njira yotumizira malo enieni amene mwaima pa mapu. Phunzirani kuigwiritsa ntchito lero kunja kukuwala.

Kenako tsiku ndi ola. Apa ndi pamene ambiri timalakwa. Uthenga wakuti "madzi akukwera tsopano" ukhoza kuyenda m'mafoni masiku atatu, ndipo aliyense wouwerenga amaganiza kuti tsopano wake ndi lero. Lembani kuti Lachiwiri pa 14, nthawi ya 5 koloko madzulo. Mukamajambula vidiyo kapena kutumiza mawu, nenani malo ndi tsikulo ndi pakamwa panu koyambirira, chifukwa mawu olembedwa pansi pa chithunzi amatha kutsala anthu akamapatsirana, koma mawu a m'kati mwa vidiyo amapita nayo kulikonse.

Chachitatu ndi chimene mwaona, ndipo muchiyerekeze ndi chinthu chodziwika. "Madzi ndi ambiri" sizikwanira. Nenani kuti afika m'mawondo pa msewu, kapena akwirira masitepe awiri a sukulu, kapena atsala chikhatho chimodzi kuti akhudze mlatho. Chofunika kuposa zonse, nenani ngati akukwera kapena akutsika. Njira yake ndi yapafupi: yang'anani mwala, mtengo kapena chipilala muli patali, muone pamene madzi afika, ndipo muyang'anenso patapita theka la ola. Mauthenga awiri otere ochokera kwa munthu mmodzi amauza a kumunsi zambiri kuposa mavidiyo khumi. Matalala muwayerekeze ndi njere ya chimanga, mtedza kapena dzira. Mphepo muifotokoze ndi zimene yachita: yathyola nthambi, yazula mitengo, yasasula malata a nyumba zingati. Ngati pasukulu panu kapena kwa mlangizi wa zaulimi pali choyezera mvula, tumizani nambala yake. Milimita imodzi ndiye kuti lita imodzi ya madzi yagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, choncho mukamva INAM ikuchenjeza za mamilimita 50 pa maola 24, dziwani kuti ndi ndowa ziwiri ndi theka za malita 20 pa kamalo kakang'ono kotero.

Ndipo musiyanitse zimene mwaona ndi maso ndi zimene mwamva. Palibe cholakwa kunena kuti "ndamva kwa woyendetsa njinga yamoto kuti msewu waduka, koma sindinafikeko". Wolandira adziwa kuti afufuze kaye.

Mabodza amathamanga kuposa madzi

Nyengo ya anamondwe ikafika, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mavidiyo akale amadzukanso. Zithunzi za Idai, amene anagunda Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019 n'kupha anthu oposa 600 m'dziko muno, zimatha kubwera ndi mawu akuti "zachitika lero". Ena amatenga za kudziko lina. Ena amatumiza mawu a munthu wosadziwika amene akuti m'bale wake amagwira ntchito ku damu ndipo wamuuza chinsinsi. Uthenga wotere ukhoza kuthamangitsa anthu usiku popanda chifukwa, kusiya nyumba ndi ziweto kwa akuba. Choipa kwambiri chimabwera pambuyo pake: anthu amene ananamizidwa kawiri sasuntha chenjezo loona likabwera.

Musanatumize kwa ena, onani ngati uthengawo uli ndi dzina la bungwe, tsiku ndi madera amene akuchenjezedwa. Yang'anani pa tsamba la INAM kapena la INGD pa Facebook ngati zilipodi. Tsegulani wailesi, poti Rádio Moçambique ndi wailesi za m'madera zimaulutsa machenjezo m'zilankhulo zathu. WhatsApp imaika timivi tiwiri pamwamba pa uthenga umene wadutsa m'manja ambiri, ndipo timivi timeneto tikukuuzani kuti mwini wake weniweni ali kutali. Mukakhala ndi m'bale kumalo kumene akunenako, muimbireni. Ndipo mukazindikira kuti mwatumiza bodza, bwererani m'gulu lomwelo mukanene. Manyazi ake ndi a mphindi imodzi.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza: chenjezo loona koma lakale. Freddy anakhala masiku 36, ndipo analowa m'dziko muno kawiri, pa 24 Febuluwale 2023 chakufupi ndi Vilankulo ndi pa 11 Malichi chakufupi ndi Quelimane, asanakagwetse mvula imene inapha anthu mazanamazana kum'mwera kwa Malawi. Munthu amene anasunga uthenga wa Febuluwale wonena kuti namondwe wafooka akanasocheretsa anzake mu Malichi. Njira ya namondwe imasintha, choncho tumizani chenjezo latsopano nthawi zonse.

Dziwaninso mitundu ya chenjezo la namondwe kuti muzifotokoza molondola. Mtundu wa buluu umatanthauza kuti mphepo yamphamvu ikhoza kufika pakati pa maola 24 ndi 48, wachikasu m'kati mwa maola 24, ndipo wofiira m'kati mwa maola 6 kapena yafika kale.

Vidiyo isakutengereni moyo

Mu Januwale 2022, namondwe Ana atadutsa, mlatho wa pa Revúboè unagwanso, ndipo mkulu wa boma la Tete, a José Maria Mandere, anamwalira galimoto imene anakwera itakokoloka ndi madzi a mtsinjewo. Anali pa ntchito, ndipo sanali okha. Ngati madzi anachita zimenezi kwa galimoto, mnyamata woima pa gombe logumuka ndi foni m'manja angalimbe bwanji? Madzi othamanga ongopitirira pang'ono mu akakolo amatha kugwetsa munthu wamkulu. Jambulani muli pamalo okwera, kapena musajambule n'komwe, mungolemba. Kukakhala ziphaliwali lowani m'nyumba, musaime pansi pa mtengo kapena pa chulu pofuna netiweki. Ndipo musatumize zithunzi za mitembo kapena za anthu ovulala. Mayi asadziwire pa Facebook kuti mwana wake wapita ndi madzi.

Konzani gulu lanu mvula isanafike pachimake

Gulu labwino la zanyengo silifuna anthu mazana. Lifuna anthu oyenera: a mfumu kapena mlembi wa bairro, mphunzitsi, wazaumoyo, mlangizi wa zaulimi, woyendetsa chapa kapena njinga yamoto amene amadziwa misewu, ndiponso a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, amene INGD imawaphunzitsa. A komitiwa ndiwo ali ndi njira yofikitsira nkhani ku boma, choncho uthenga ukangozungulira pakati pa achinyamata okhaokha sufika kumene kuli bwato ndi galimoto. Yesetsani kuti m'gulumo mukhale anthu a kumtunda ndi a kumunsi kwa mtsinje umodzi. Gwirizanani kuti malonda, ndale ndi nthabwala zipite kwina, chifukwa gulu likadzaza phokoso anthu amalitseka mawu, chenjezo n'kudzafika foni ili chete.

Kumbukirani kuti vidiyo imadya mamega ndipo imakana kupita netiweki ikafooka. Mawu olemba ochepa, kapena SMS wamba, amadutsa pamene vidiyo yakanika. Amene sadziwa kuwerenga, kapena amene Chipwitikizi chimawavuta, muwatumizire mawu a pakamwa m'Chichewa, achidule. Mukangomva chenjezo la buluu, tchajani foni, muikulunge m'pulasitiki, ndipo mulembe manambala ofunika papepala.

Tsiku lina netiweki idzazima ndithu. Idai atadutsa, Beira anakhala masiku angapo osalumikizana ndi dziko lonse, magetsi ndi mafoni zonse zili zii. Komanso m'mudzi mwanu muli agogo, olumala ndi mabanja amene alibe foni ya intaneti. Choncho mugwirizane tsopano kuti uthenga ukafika pa foni ya mmodzi, ndani akaimbe belu la ku tchalitchi kapena ng'oma, ndani athamange kukagogoda nyumba za kudambo, ndipo anthu akasonkhane pa malo okwera ati. Mukafunse a komiti ya kwanu sabata ino ngati malowo anasankhidwa kale, ndipo mupatsane nawo nambala.