Lumo Lopinda la Agogo

Ana inu, malezala asanafale, abambo ankameta ndevu ndi lumo lopinda. Ngati lilipo m'bokosi la agogo kwanu ku Kafue Estates, musalitsegule nokha. Mulibweretse kwa aphunzitsi lili chipindire.

Aphunzitsi, yambani mwawerenga dzina lozokotedwa pachitsulo. Malumo ambiri ankasulidwa ku Sheffield, England, kapena ku Solingen, Germany. Dzimbiri lipaleni pang'onopang'ono ndi sandipepa wosalala ndi mafuta a makina osokera. Kenaka nolani pamwala wonyowa, mumalizire pa lamba wachikopa.

Chovuta kuzindikira ndi chigwiriro. Fupa limakhala ndi timadontho takuda. Mnyanga wa njovu uli ndi timizere topingasana, ndipo malonda ake pakati pa maiko analetsedwa mu 1989. Koma zigwiriro zambiri zoyera ndi celluloid chabe, pulasitiki wopangidwa cha m'ma 1870 potsanzira mnyanga. Muchikhutize pansalu mpaka chifunde: chikanunkha ngati mankhwala odzola pachifuwa pa chimfine, ndi ameneyo. Ena amayesa ndi singano yamoto. Inu musatero, pakuti celluloid amayaka msanga kuposa udzu wa m'chilimwe.