Ndodo yoyezera yagawanitsa oweta akavalo aang'ono

Kunja kuno kuli akavalo ena aafupi kwabasi, oti munthu wamkulu akaima nawo pafupi amamulekeza m'chiuno. Akavalo amenewa amawetedwa kwambiri ku America, ku Britain ndi ku Argentina, ndipo amachita malonda akakhala ndi chiphaso cha bungwe la oweta. Koma pakati pa eni akewo pali mkangano womwe watenga zaka zambiri. Funso lake ndi lakuti: kodi kavalo woyenera kulowa m'kaundula ndi uti, ndipo pomuyeza ndodo aiike pati?

Ena angaone ngati iyi ndi nkhani ya anthu a ndalama, koma mlimi aliyense woweta angatolepo kanthu, chifukwa zomwe bungwe lalemba m'malamulo ake lero ndi zomwe zimadzabadwa m'khola mawa.

Kaundula wa mtundu

Ambiri mwa akavalo aang'onowa gwero lawo ndi zilumba za Shetland, kumpoto kwa Scotland. Kumeneko kumazizira kwambiri ndipo msipu ndi wochepa, kotero kuti kavalo yemwe ankapirira anali wamfupi, wojintcha ndi wa ubweya wambiri. M'chaka cha 1842 boma la Britain linaletsa amayi, atsikana ndi anyamata osakwana zaka 10 kugwira ntchito pansi pa migodi. Eni migodi ya malasha anafuna chinthu china chokoka ngolo m'njira zopanikiza za pansipo, ndipo anathamangira akavalo a ku Shetland. Amphongo abwino ambiri anagulidwa n'kupita kumigodi.

Pofuna kuteteza mtunduwo, oweta anakhazikitsa bungwe la Shetland Pony Stud-Book Society m'chaka cha 1890. Malinga ndi malamulo ake, kavalo asapose mainchesi 42, omwe ndi masentimita 107, ndipo wa mawangamawanga saloledwa. Koma chachikulu ndi makolo. Kavalo angafupike chotani, ngati bambo ndi mayi wake sali m'buku, iyenso salowa. Uyu ndiye kaundula wa mtundu.

Kaundula wa msinkhu

Ku America zinthu zinayenda mwina. Bungwe la American Shetland Pony Club linayamba m'chaka cha 1888, ndipo oweta a kumeneko anakonda kavalo wamtali pang'ono, wa miyendo yowonda ndi khosi lalitali, mpaka malire awo anafika mainchesi 46. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 bungwe lomweli linatsegula kaundula wina wa akavalo aang'ono kwambiri, wotchedwa American Miniature Horse Registry, mwachidule AMHR. M'chaka cha 1978 oweta ena ku Texas anayambitsa bungwe lawolawo la American Miniature Horse Association, lomwe limadziwika kuti AMHA.

Poyamba mabungwe awiriwa sanafunse kwambiri za makolo. Chomwe chinkalowetsa kavalo m'buku chinali ndodo yoyezera. A AMHA anaika malire pa mainchesi 34, kapena kuti masentimita 86. A AMHR ali ndi magulu awiri: loyamba la mainchesi 34 kutsika pansi, ndipo lachiwiri la oposa pamenepo kulekeza mainchesi 38, omwe ndi pafupifupi masentimita 97.

Apa ndi pomwe pagona mkangano woyamba. Kavalo wamphongo ndi wamkazi, onse a mainchesi 33 ndipo onse a ziphaso, angathe kubereka mwana yemwe akakula adzafika mainchesi 36. Mwana akabadwa amapatsidwa chiphaso chongoyembekezera, ndipo amayezedwanso atakhwima. Akapezeka kuti wapitirira malire, a AMHA amamuchotsa m'buku. Oweta ena amati uku n'kulakwa, chifukwa mwana wa mbuzi ndi mbuzi ngakhale atatalika, ndipo bungwe lomwe limataya mwana wa makolo ake omwe silikusunga mtundu koma msinkhu chabe. Anzawo amayankha kuti malire akangomasulidwa, pakatha zaka 20 dzina loti kavalo wamng'ono lidzakhala lopanda tanthauzo. Pothawa kuluza, oweta ambiri amalembetsa kavalo mmodzi m'mabungwe onse awiri, n'kulipira kawiri.

Ndodo aiike pati?

Mkangano wachiwiri ndi wa malo oyezera. Pafupifupi dziko lonse limayeza kavalo kuchokera pansi kufika pamwamba pa mapewa, pamalo pomwe ng'ombe zathu zimakhala ndi linunda. Pamenepo pali fupa, ndipo fupa silisuntha. Koma mabungwe awiri a ku America aja amayeza pomwe pathera ubweya wautali wa pakhosi uja. Pa akavalo ambiri malo amenewa ali chakumbuyo pang'ono ndipo ndi otsikirapo, kotero kuti kavalo yemweyo amaoneka wamfupi papepala la ku America kusiyana ndi la ku Britain.

Otsutsa njirayi amati ubweya umametedwa, ndipo oyeza awiri sangagwirizane nthawi zonse kuti tsitsi lomaliza ndi liti. Pamamvekanso madandaulo akuti eni akavalo ena amasenga ziboda mopitirira muyeso kapena kuimika kavalo motangadza miyendo kuti msana utsike tsiku loyeza. N'chifukwa chake malamulo amanena kuti kavalo aime pamalo osalala, miyendo ili chilili. Ofuna kuti njira yakale ipitirire nawonso ali ndi mfundo yawo: kusintha malo oyezera kungatulutse m'buku akavalo ambirimbiri omwe anthu anagula mwachilungamo.

Palinso kudandaula kwakuti akavalo a Shetland a ku America omwe ndi aafupi amalembetsedwanso ku AMHR, ndipo pa zionetsero amapambana kawirikawiri kaamba ka khosi lalitali ndi kayendedwe kokongola. Oweta akavalo ojintcha achikale amaona ngati alandidwa bwalo.

Chikomekome cha mkuyu

Koma nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi ya thanzi. Kwa zaka zambiri malamulo a AMHA ankalangiza oweruza pa zionetsero kuti akavalo awiri akafanana pa zina zonse, apambane ndi wamfupiyo. Kufupika kunasanduka ndalama. M'zaka zoyambirira, akavalo ena omwe anali aafupi kaamba ka chilema cha kupinimbira chobadwa nacho analowa m'kaundula, ndipo anthu anawabereketsa poganiza kuti apeza mbewu yabwino. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kavalo wopinimbira amakhala ndi mutu waukulu wotukuka pamphumi, chibwano cha pansi chotulukira kutsogolo, miyendo yopindika ndi mimba yaikulu. Ambiri amavutika kupuma, kudya ndi kuyenda moyo wawo wonse, ndipo ena amafera m'mimba.

Akatswiri a pa yunivesite ya Kentucky ku America anapeza kuti chilemachi chimachokera m'kachigawo ka chibadwa kotchedwa ACAN, komwe kamathandiza kakulidwe ka mafupa, ndipo anapeza mitundu inayi ya vutoli yomwe anaitcha D1, D2, D3 ndi D4. M'chaka cha 2016 akatswiri ena a ku Uppsala m'dziko la Sweden anafalitsa zomwe anapeza pa chilema china cha miyendo yokhota mwa akavalo a Shetland. Lero mwini kavalo angathe kuzula tsitsi pang'ono la kumchira kapena la pakhosi, n'kulitumiza kuti akaliyeze DNA.

Chofunika kumvetsa ndi chakuti kavalo angathe kunyamula chilemacho m'magazi iye ali bwinobwino, wokongola ndi wopambana pa zionetsero. Wamphongo ndi wamkazi onse akakhala onyamula, pa bere lililonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe wolumala. Koma wonyamula akakwerana ndi wopanda chilemacho, mwana sabadwa wopinimbira, ngakhale kuti theka la ana otere limanyamulabe. Choncho palibe chifukwa chotayira kavalo wabwino. Chofunika n'kudziwa kuti akwerane ndi yani. Pamenepa oweta ena akufuna kuti kuyeza kukhale lamulo kwa wamphongo aliyense wobereketsa, pomwe ena akuti ndi ndalama zambiri ndipo aliyense asankhe yekha.

Ngakhale kavalo wamng'ono wopanda chilema ali ndi mavuto ake. Mano ake ndi aakulu poyerekeza ndi nsagwada, kotero amapanikizana. Aakazi amavutika pobereka kawirikawiri kuposa akavalo aakulu. Amanenepanso msanga, ndipo kunenepako kumadzetsa matenda a ziboda. Ndodo yoyezera siona chilichonse mwa zimenezi.

Phindu lake nanga?

Akavalo amenewa sakwereka ndi munthu wamkulu, koma amakoka tingolo topepuka ndipo ana amaphunzirirapo kusamala ziweto. M'chaka cha 2010 boma la America linaika m'malamulo ake okhudza anthu olumala kuti kavalo wamng'ono wophunzitsidwa angathe kuloledwa m'malo a anthu onse pothandiza mwini wake, monga amachitira agalu otsogolera akhungu. Ntchito zonsezi zimafuna miyendo yowongoka, mano abwino ndi mtima wofatsa. Palibe ntchito yomwe imafuna kuti kavalo achepe ndi inchesi imodzi kuposa mnzake.

Phunziro kwa achikumbi n'lakuti posankha mbewu ya chiweto chilichonse, kuyang'ana chinthu chimodzi chokha kumapweteketsa. Chiphaso chimanena dzina, msinkhu ndi makolo, koma sichinena ngati nyamayo ingabereke popanda vuto. Wogula wanzeru amapempha kuona bambo ndi mayi wa chiwetocho, amafunsa za abale ake omwe anabadwa kale, amachiyendetsa kuti aone miyendo, ndipo amachiyasamitsa kuti aone mano. Paja amati make mbuu, mwana mbuu.