Mwana akamabuula ndi mafupa, musafulumire kuloza mfiti

Omvera athu a m'midzi ya m'malire, chisanu cha mu Juni ndi Julayi chikafika kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, pali ana amene amachezera kubuula ndi miyendo, manja ndi msana, chonsecho pathupi palibe bala. Ena amati ndi nyamakazi, ena amati mwana walodzedwa. Koma nthawi zina gwero lake ndi matenda a magazi amene m'zipatala zathu amati anemia falciforme, ndipo tsidya la Malawi amati sickle cell.

Kodi ululuwu umachokera kuti?

Maselo ofiira a m'magazi amakhala obulungira ndi ofewa. Mwa wodwala matendawa amauma ndi kupindika ngati chikwakwa, n'kumatsekereza timisempha ting'onoting'ono. Pamene magazi aleka kufika, fupa ndi mnofu zimasowa mpweya, ululu n'kuyamba. Maselo otere amafa patangotha masiku 10 mpaka 20, pamene abwino amakhala masiku pafupifupi 120. N'chifukwa chake mwana amaperewera magazi kawirikawiri ndipo maso amachita chikasu.

Matendawa sapatsirana. Mwana amabadwa nawo akatengera mbewu yake kwa bambo ndi kwa mayi omwe, ngakhale onsewo ali athanzi. Pa makolo otere, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe nawo. Choncho abambo, musaloze chala kuchikazi kokha.

Ululu wadzidzidzi

Uwu umagwa mosayembekezera ndipo umatenga maola kapena masiku angapo. Kwa khanda, kuyambira miyezi 6, umayamba ndi kutupa kwa manja ndi mapazi. Zimene zimauputa ndi kuzizidwa, ludzu, malungo, kutsegula m'mimba ndi kutopa kwambiri.

Ukayamba, mum'patse madzi ambiri, mum'funditse, ndipo muike nsalu yofunda pamene pakuwawa. Madzi ozizira ayi. Mum'patse paracetamol pa mlingo umene anamwino anakuuzani. Musamuteme mphini, chifukwa magazi ndi ochepa kale ndipo bala lingalowe tizilombo.

Thamangirani kuchipatala, ngakhale usiku, ngati ululu sukutsika, thupi latentha, chifuwa chikuwawa kapena akubanika, mimba yatupa mbali ya kumanzere, zikhatho zayera, mbali imodzi ya thupi yalefuka, kulankhula kwasokonekera, kapena chida cha mnyamata chauma ndi kuwawa kwa maola awiri. Izi zimatha kupha kapena kulumaza. Kuchipatala nenani msanga dzina la matendawa. Ululu waukulu umafuna mankhwala amphamvu ngati morphine, amene amaperekedwa ndi achipatala okha.

Ululu wokhalitsa

Uwu ndi umene anthu ambiri saukhulupirira. Umakhalapo masiku ambiri kwa miyezi 6 kapena kupitirira, makamaka kwa achinyamata ndi akuluakulu. Nthawi zina mutu wa fupa la m'chiuno umakhala utaonongeka posowa magazi, munthu n'kumatsimphina. Ena amakhala ndi zilonda za pafupi ndi akakolo zosapola msanga. Munthu wotere akalephera kutsiriza ndime kumunda kapena kujomba kusukulu, si ulesi.

Ululu uwu sutha ndi mapilitsi a pamsika. Kumwa ibuprofen kapena diclofenac tsiku ndi tsiku popanda uphungu kumaononga impso ndi m'mimba. Chofunika ndi kupimidwa pafupipafupi, kum'chepetsera ntchito zolemetsa, ndi kulemba m'kope masiku amene wamva kuwawa kuti adokotala aone.

Alipo mankhwala otchedwa hydroxyurea, omwa tsiku lililonse, amene amachepetsa kubwerabwera kwa ululu. Kafukufuku wotchedwa REACH, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anaonetsa kuti amathandiza ana a ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda. Amafuna kupimitsa magazi kawirikawiri, choncho funsani adokotala ngati angapezeke ndiponso ngati akuyenera mwana wanu.

Pakadali pano, mwana azigona m'masikito, alandire katemera yense, avale zofunda m'mamawa, ndipo atenge botolo la madzi popita kusukulu kapena kubusa. Ngati mwana wanu amatupa manja, amaperewera magazi mobwerezabwereza kapena amalira mafupa, pemphani kuti amupime magazi. Akanena kuti zikuwawa, mukhulupirireni.