Mapu a pa Intaneti Athandiza Kuteteza Mabwinja a mu Africa

Mu caka ca 2020, akatswiri ofukula zinthu zakale a pa yunivesite ya Cambridge ku Britain, mogwirizana ndi mabungwe a mu Africa, anayamba nchito yoika mabwinja pa mapu a pa intaneti. Nchitoyi, imene ichedwa MAEASaM mwacidule, inayambira m'maiko 8: Botswana, Ethiopia, Kenya, Mali, Senegal, Sudan, Tanzania ndi Zimbabwe. Colinga cake ndi cakuti malo amene makolo anakhalapo adziwike bwino asanaonongeke ndi migodi, miseu, minda kapena madamu.

Mapu otere asiyana ndi a pa pepala. Munthu akhoza kukuza cithunzi pa kompyuta kapena pa lamya, kusankha bwinja limodzi ndi kuwerenga zimene zinapezekapo, zaka zake ndiponso coopsa cimene ciliyandikira. Koma ubwino wa mapu suli m'maonekedwe ake. Uli pa kuloza malo enieni, ndipo apa ndi pamene pagona nchito yaikulu.

Mbiri ya mabwinja ambiri inalembedwa pa makadi ndi m'mabuku a m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, ina m'nthawi ya atsamunda. Olembawo nthawi zina anali kungochula phiri, mtsinje kapena dzina la famu, ndipo maina ena anasintha. Ngakhale pamene analemba manambala a malo, pali bvuto lina. Mapu akale a ku Zimbabwe, Botswana ndi Zambia anapimidwa ndi njira yochedwa Arc 1950, pamene makina a GPS atsata njira ya WGS 84. Manambala akale akaikidwa pa mapu atsopano osawatembenuza, bwinja likhoza kuoneka pa malo otalikirana ndi malo ake enieni ndi mamita oposa 200. Mtunda umenewo ndi wokwanira kuti womanga mseu aganize kuti walambalala manda, pamene makina ake ali kukumba pamandapo.

Pofuna kukonza zolakwikazi, akatswiri ayerekeza zolembedwa zakale ndi zithunzi za setilaiti. Zina mwa zithunzi zothandiza kwambiri ndi za Corona, zimene dziko la America linajambula mwacinsinsi kucokera mu 1960 kufikira 1972 ndi kuzitulutsa poyera mu 1995. Zithunzizi zionetsa dziko mmene linalili mizinda ndi minda isanakule, motero bwinja limene lero lakwiririka ndi nyumba lioneka bwino.

Kumene mitengo ndi zitsamba zaphimba nthaka, ndege iuluka ndi cipangizo cochedwa lidar. Cipangizoci citumiza kuwala pansi ndi kupima nthawi imene kuwalako kutenga kuti kubwerere. Kuwala kwina kupyola pakati pa masamba, ndipo kompyuta icotsa mitengo pa cithunzi ndi kusiya nthaka yokha. Mwa njira iyi, akatswiri a pa yunivesite ya Witwatersrand anaonetsa mu 2018 kukula kwa Kweneng, mzinda wakale wa Atswana wa mipanda ya miyala umene uli kumwera kwa Johannesburg. Komabe cithunzi sicinena zonse. Khola la ng'ombe la zaka 50 likhoza kufanana ndi mpanda wa zaka 500, cotero pafunikabe kupita pamalopo ndi kufunsa mafumu ndi akuluakulu a m'midzi, amene adziwa maina ndi mbiri ya malowo.

Mapu akalondola, pabuka funso lina: kodi ndani ayenera kuona zonse? Mapu amene athandiza woteteza akhozanso kutsogolera wakuba. Ku Syria, zithunzi za setilaiti za mu 2011 ndi 2012 zinaonetsa kuti mzinda wakale wa Apamea unadzala ndi maenje a anthu ofuna zinthu zogulitsa, m'miyezi yosakwana 12, nkhondo ili mkati. Ku Mali, ziboliboli za dothi zakhala zikubedwa m'mabwinja a kufupi ndi Djenné ndi kugulitsidwa kunja. Cinthu cikazulidwa motere, umboni wa zaka zake ndi wa anthu amene anacipanga utayika ndithu.

Cifukwa ca ici, MAEASaM igwiritsa nchito pulogalamu ya Arches, imene inapangidwa ndi Getty Conservation Institute pamodzi ndi World Monuments Fund. Pulogalamuyi ndi yaulere, ndipo ilola eni ake kusankha zimene munthu aliyense angaone. Mwana wa sukulu akhoza kuwerenga mbiri ya malo, pamene manambala enieni a manda kapena a malo opatulika asungidwa kwa ololedwa okha.

Zambia idziwa mtengo wa kupeza cuma ca makolo mwangozi. Mu 1921 anchito a pa mgodi ku Kabwe anapeza cibade ca munthu wakale, cimene cinatengedwa kupita ku London, ndipo phanga limene cinalimo linatha ndi kukumba kwa mgodi. Mu 1960, pa Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu uthira mu Zambezi, anchito okumba maziko a thanki ya madzi anapeza manda okhala ndi mikanda ya golide ndi mitanda ya mkuwa. Pamenepo akatswiri anaitanidwa, ndipo mbiri ya malonda akale a m'cigwa ca Zambezi inapulumuka.

Udindo wosunga malo otere m'dziko muno uli m'manja mwa bungwe la National Heritage Conservation Commission, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1989. Lamulolo lilamula kuti aliyense wopeza cinthu cakale adziwitse bungweli, osati kucicotsa pamalo pake.